Ndaika mababu a LED, cruise control yakana: ndigule kompyuta ina?

Bambo ena a ku Mabvuku, kuno ku Harare, alemba motere, ndangodulako malonje: "Galimoto yanga ndi ya ku Japan, ya 2008, ya automatic. Mwezi wathawu ndinagula mababu a LED m'tauni n'kusintha onse, akutsogolo, a buleki kumbuyo, ngakhale kanyali kaja ka pagalasi lakumbuyo. Kuwala kwake n'kosangalatsa, koma chiyambire tsikulo cruise control yayamba makani. Masana imalowa ikafuna yokha. Usiku ndikayatsa nyali siilowa n'komwe. Mnyamata amene anandiikira mababuwo akuti kompyuta yapsa, ndifune ina. Mu December ndikufuna kupita kumudzi ku Ntcheu, ndipo bondo langali silingapirire kuponda moto kuchokera kuno mpaka ku Tete. Ndigule kompyutayo?"

Bambo, ndalama ya kompyutayo ibwezereni kaye m'thumba. Kompyuta yopsa sidziwa kusiyanitsa usana ndi usiku, ikapsa yapsa basi. Yanuyo ili moyo ndipo ikuchita zomwe anaipangira. Kungoti pali wina akuinamiza kuti mwendo wanu uli pa buleki, ndipo wabodzayo ndi mababu mwagulawo.

Lamulo loyamba la cruise control, chipangizo chija chimasunga liwiro la galimoto inu osaponda moto, kuyambira pomwe inayamba kuikidwa m'magalimoto a Chrysler mu 1958, ndi lakuti woyendetsa akangokhudza buleki iyo isiye moto nthawi yomweyo. Ikakayikira ngati buleki yapondedwa kapena ayi, imasankha kusalowa. Ndiye funso n'lakuti, imadziwa bwanji kuti buleki yapondedwa? M'magalimoto ambiri a zaka za yanuyi, kompyuta imangosuzumira pa waya yemwe uja amapititsa moto ku nyali za buleki. Mukaponda, swichi ya pamwamba pa chopondera imatseka, wayayo amakhala ndi mavolti 12. Mukachotsa mwendo, wayayo amayenera kugwa mpaka pa ziro. Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti sagwa yekha. Amagwetsedwa ndi kawaya kopyapyala ka m'kati mwa babu lakale lija, kamene kamayaka. Babu la buleki la mawati 21 likamayaka limakoka ma amp pafupifupi 1.75, ndipo kawayako kakatentha kamakaniza moto ndi ma ohm cha m'ma 7. Kakazizira kamatsika mpaka pansi pa ohm imodzi. Kunena kwina, buleki ikakhala yosapondedwa, mababu akale aja amakhala ngati waya wolunjika ku ethi, kutanthauza chitsulo cha bodi komwe moto umabwerera. Kamoto kalikonse kotsalira pa waya wa buleki kamathawira mmenemo, monga madzi a mvula amathawira mu ngalande.

Babu la LED si ngalande. Ndi chitseko chomwe chimatseguka pokhapokha mavolti akakwana. LED yofiira imafuna mavolti pafupifupi 2 kuti iyambe kudutsitsa moto, yoyera pafupifupi 3, ndipo m'babu limodzi amazilumikiza zingapo motsatizana. Mavolti akachepera pamenepo palibe chodutsa. Tsono kamoto kaja kompyuta imatumiza pofuna kuona mmene waya alili kamasowa kothawira, wayayo amangolendewera pakatikati, osakhala ziro, osakhalanso 12. Lero kompyuta iwerenga kuti buleki yasiyidwa, mawa iwerenga kuti yapondedwa. Ndi zimene mukuona masana zija, zoti imalowa ikafuna yokha. Mukanasiya babu limodzi lokha lakale, makamaka la pagalasi lija, mwina simukanandilembera n'komwe, chifukwa limodzilo likanakwanitsa kugwetsera wayayo pansi. Inu munachotsa onse, ngalande yomaliza inatsekeka.

Za usikuzo ndi nkhani inanso, ndipo ndi imene imandiuza mtundu wa mababu munagula. Babu lakumbuyo m'magalimoto ambiri a ku Japan limagwira ntchito ziwiri, nyali ya paki ndi ya buleki. Lakale limakhala ndi timawaya tiwiri tosiyana m'kati, ka mawati 5 ndi ka mawati 21, n'chifukwa chake pabokosi amalemba 21/5W, kaya ndi lozungulira lija la P21/5W kapena lagalasi lokhalokha la W21/5W, lomwe ogulitsa amalitcha 7443 kapena T20. Timawaya tiwirito timakumana ku ethi kokha. Babu la LED lilibe timawaya tiwiri. Ma LED ake ndi omwewo, amangowala pang'ono mukayatsa paki n'kuwala kwambiri mukaponda buleki, ndiye kuti mawaya awiri aja amakumana m'kati mwa babu. Opanga osamala amaikamo ma diode, tizipangizo todutsitsa moto mbali imodzi yokha, kuti moto wa paki usabwerere ku waya wa buleki. Opanga mababu otchipa amasiya ma diodewo kuti apulumutse kandalama. Mukayatsa nyali madzulo, moto wa paki umalowa m'babu, n'kutulukira khomo linalo, n'kubwerera ndi waya wa buleki mpaka ku kompyuta. Kompyuta nayo n'kumati bambowa aponda buleki kuyambira pa Mabvuku mpaka pa malire a Nyamapanda.

Izi mukhoza kudzionera nokha pakhomo panu, osagwira sipanala. Dikirani kukade, muyatse nyali za paki, pasakhale munthu pampando, inu mupite kumbuyo mukayang'ane kanyali ka pagalasi kaja. Sikayenera kuyaka ngakhale pang'ono, chifukwa kamalumikizidwa ku buleki yokha. Chaka chatha kunabwera galimoto kugalaja kwathu ndi dandaulo ngati lanuli, mwini wake atazungulira nayo kwa anthu atatu. Ndinaisiya mpaka dzuwa litalowa, ndinayatsa paki, ndinaphimba kanyaliko ndi manja awiri ngati munthu woyatsa machesi pamphepo, n'kusuzumira pakati pa zala. Timadontho tofiira tinali tikunyezimira chapansipansi ngati makala a mbaula yogona. Ndinawaitana eni ake kuti asuzumire okha. Anangoti, "Ndiye anthu aja amafuna kundigulitsa chiyani?" Zizindikiro zina n'zakuti mukaponda buleki masana nyali za pa dashibodi kapena za paki kutsogolo zimayaka, kapena wotchi ya pa wailesi imachita mdima ngati mwayatsa nyali za usiku. Umenewo ndi moto womwewo ukubwerera mbali inayo. Pa automatic ngati yanu yesaninso ichi, handibuleki itakokedwa zolimba, pamalo athyathyathya, injini yozima koma kiyi ali pa ON: nyali zili zoyaka, onani ngati giya ikuchoka pa P musanaponde buleki. Ikachoka, dziwani kuti si cruise yokha imene ikunamizidwa, ndipo pakhomo pa ana zimenezo n'zoopsa kuposa bondo lotupa.

Koma mayeso amene sanama ndi kubwezera mababu akale. Ndikhulupirira simunawataye. Ngati anatsala ndi mnyamata uja, mababu wamba a 21/5W ali ponseponse, mu Kaguvi Street, ku Gazaland, ku Siyaso, ndipo mtengo wake sungafanane ndi wa kompyuta. Musabwezere onse nthawi imodzi, chifukwa mukatero mudzadziwa kuti vuto ndi LED koma simudzadziwa kuti liti. Yambani ndi la pagalasi, nthawi zambiri limakhala W16W ngati si la LED lochokera nalo kufakitale. Tulukani nayo mu Mutare Road masana, muyese. Kenako bwezerani awiri akumbuyo aja, muyese masana ndi usiku. Akutsogolo asiyeni mpaka pomaliza. Ndikanati ndibetche, ndikanabetcha kuti simufika n'komwe kutsogoloko.

Poyesapo kumbukirani zinthu ziwiri zomwe zapusitsa anthu ambiri. Cruise ya magalimoto ambiri siilowa liwiro likakhala pansi pa makilomita 40 pa ola, ndiye kuyesera m'misewu ya m'komboni ndi kutaya nthawi. Ndipo magalimoto opangidwira msika wa ku Japan a zaka zimenezo anaikidwa malire a pamwamba, cha m'ma 100 mpaka 115 malinga ndi mtundu wake. Kuno malamulo amalola 120 m'misewu ikuluikulu, ndiye munthu amafika pa 120 mumsewu wa ku Bulawayo, n'kudina SET, cruise n'kukana, iye n'kumati yawonongeka. Yesani pa 80.

Mukafuna kuona ndi maso a mita yoyezera magetsi, wamagetsi aliyense wodziwa ntchito angakuchitireni mu mphindi khumi. Kiyi pa ON, buleki yosapondedwa, waya wakuda wa mita pa chitsulo choyera cha bodi, wofiira pa waya wa buleki kuseri kwa nyali. Muyenera kuona pafupi ndi ziro. Mukaona mavolti awiri, atatu, asanu, wayayo akulendewera. Kenako yatsani paki mita ikadali pomwepo. Nambala ikakwera, moto ukubwerera kudzera m'babu. Zulani babu limodzi, muone ngati yatsika, kenako linalo. Ine ndimakondanso kuyesa ndi tesita yachikale ija yokhala ndi kababu m'chigwiriro, osati za LED zabwerazi. Ndikaigunditsa pa waya wa buleki nambala ya pa mita n'kugwa mpaka ziro, ndiye kuti matenda ndawapeza, chifukwa kababu ka mu tesitako kagwira ntchito ya ngalande ija. Tesita yotereyi ndi ya pa mawaya a nyali okha, musamaigunditse pa mawaya a kompyuta kapena achikasu a airbag.

Makina owerengera makhodi nawonso amathandiza, koma osawakhulupirira kwambiri. Khodi ya P0504 imatanthauza kuti mauthenga awiri a buleki sakugwirizana. Swichi ya buleki ya mapini anayi imakhala ndi mbali ziwiri, ina imatseka mukaponda, ina imatseguka, ndipo kompyuta imafuna kuti imodzi ikati inde inayo iti ayi. Moto wobwerera uja ukafika, mbali zonse zimayankha zosemphana ndi zomwe kompyuta ikuyembekeza, ndiye imalemba khodiyo. P0571 ndi ya dera la swichi ya buleki ku cruise. Pa Toyota, C1249 imachokera ku ABS, kompyuta ya mabuleki, ndipo imanena kuti dera la nyali za buleki laduka, chonsecho nthawi zina palibe waya woduka, ndi LED chabe imene sikuoneka ngati babu. Vuto n'lakuti timakina totchipa tolumikiza ku foni tija kawirikawiri timawerenga injini yokha, ABS osaiona, ndipo magalimoto ena a ku Japan sitilankhula nawo n'komwe. Wina akakuuzani kuti "palibe khodi", mufunseni kuti walowa mu ABS kapena ayi. Komanso wina akaona P0504 asathamangire kukugulitsani swichi mababu asanayesedwe. Makhodi akapezeka afufutidwe mukakonza, chifukwa magalimoto ena, monga a Subaru, amazimitsiratu cruise nyali ya check engine ikayaka, pa chifukwa chilichonse.

Tsono kukonza kwake. Njira yosavuta ndiponso yomwe ine ndingachite pa galimoto yanga ndisanayambe ulendo wautali ndi kusiya mababu wamba kumbuyo. Ndikudziwa kuti si zimene mumafuna kumva mutawononga ndalama. Koma nyali yakumbuyo ya galimoto yanu anaiumba kuti kuwala kuzichokera pa kawaya kamodzi kali pakati penipeni pa chonyezimira. Mababu ambiri a LED amamwaza kuwala kosayenera, ndipo choipa kwambiri n'chakuti ena kusiyana kwa paki ndi buleki kumachepa. Wa lole akubwera kumbuyo kwanu usiku kupitirira Mutoko ayenera kuona msanga kuti mwaponda. LED ili ndi ubwino wake weniweni, imayaka nthawi yomweyo pomwe babu wamba limatenga kachigawo ka sekondi kuti litenthe, koma ubwinowo umatha ngati wakumbuyo sakutha kusiyanitsa.

Ngati mtima uli pa LED ndithu, gulani mababu abwino, ofiira osati oyera, chifukwa galasi lofiira limadya kuwala kwambiri kwa LED yoyera n'kusiya kotuwa ngati pinki. Musanalipire, ayeseni pa galimoto pomwepo ndi mayeso a kanyali ka pagalasi aja. Onetsetsaninso soketi. Mababu a 7443 ali ndi masoketi a mitundu iwiri yomwe mawaya ake anawasanja mosiyana, wamba ndi wina wotchedwa CK. Babu lakale silisamala, limagwira monsemo, koma la LED likalowa mu soketi yosakhala yake limatha kuwotcha fyuzi kapena kusakaniza paki ndi buleki. Fyuzi ya STOP ikapsa mumayenda opanda nyali za buleki, giya n'kukanirira pa P, ndipo cruise ndiye iwalani.

Babu labwino lithetsa moto wobwerera, koma ngalande ija ikhalabe yotsekeka, ndiye pafunika kuitsegula. Apa m'pamene anthu amaika resistor, kachipangizo kokoka moto ngati babu, ija yachitsulo yagolide yolembedwa 6 ohm 50W. Imalumikizidwa pakati pa waya wa buleki ndi ethi, pambali pa babu, osati motsatizana nalo, ndipo osati pa waya wa paki. Imagwira, koma tiyeni tiwerengere limodzi. Injini ikulira pamakhala mavolti pafupifupi 14. Mukagawa ndi ma ohm 6 mupeza ma amp 2.3, ndiye kuti mawati opitirira 30 akusanduka kutentha m'kachitsulo kochepa ngati chala. Pa indiketa zilibe kanthu kwenikweni poti imayaka n'kuzima. Pa buleki ya automatic, mutaima pamzere wa pa tollgate kapena mumpanipani wa mu Seke Road madzulo mwendo uli pa buleki mphindi zambirimbiri, kachitsuloko kamatentha koti kakhoza kukusupulani khungu. Ndinatsegulapo buti ya galimoto ina yomwe mwini wake ankadandaula fungo la pulasitiki. Resistor anaikulunga ndi tepi yakuda n'kuiponya kuseri kwa kapeti. Tepi inasungunuka, kapeti inabooka chibowo chokwana chibakera, m'mphepete mwake mwauma gwa ngati chikopa chowamba, ndipo pamwamba pake ndi pomwe mayi a m'nyumbamo ankaika chigubu cha parafini. Resistor imamangidwa ndi masikuluu pa chitsulo cha bodi, kutali ndi mawaya, pulasitiki ndi kapeti. Mawaya ake awotcheredwe ndi mtovu wa solder, osati timapulasitiki toluma waya tija timabwera m'paketi, chifukwa ikangogwa mvula ya mu January timachita dzimbiri.

Ine kawirikawiri resistor yaikuluyo sindiyambira. Ngati cholinga n'kungogwetsa waya pansi, kababu wamba ka mawati 5, ka W5W, kali mu soketi yake n'kumangidwa pamalo pabwino kuseri kwa nyali, kamakwanira pa magalimoto ambiri. Kamakoka ma amp osakwana theka, sikatentha moopsa, ndipo kakapsa mumagula kena paliponse. Kusiya babu lakale pagalasi lija n'chimodzimodzi, ndipo ndiye kosavuta kuposa zonse. Resistor ya 6 ohm imafunika pa galimoto imene imayeza kuchuluka kwa moto kuti idziwe ngati babu lapsa, chifukwa imeneyo imafuna kuona katundu wofanana ndi mawati 21. Paja pamapaketi ena amalemba kuti "CANbus". Musatengeke nazo. Babu sililankhula ndi CAN bus, mawaya omwe makompyuta a galimoto amalankhulirana. Mawuwo amangotanthauza kuti aikamo karesistor m'kati kuti galimoto isadandaule, ndipo kutentha kwa karesistorko n'kumene kumapha mababu oterowo msanga. Ma Mercedes-Benz, BMW ndi Volkswagen amene adzaza mu Harare muno amatumiza timoto tachidule ku mababu poyesa ngati ali moyo, n'chifukwa chake LED imaphethira galimoto itangoyatsidwa. Amenewo nthawi zambiri mankhwala ake ndi kuiuza kompyuta ya nyali, ndi makina oyenera, kuti tsopano pali LED.

Ena amakonza mababu otchipa aja poika diode pa waya wa buleki pafupi ndi soketi, mzere wake woyera utaloza ku babu, kuti moto uzipita koma usabwerere. Zimatheka. Koma 1N4007 yomwe amakonda kuikayo imapirira amp imodzi yokha, ndiye tsiku lina LED ikadzafa muli ku Tete n'kuikamo babu wamba la mawati 21, diodeyo idzapsa, nyali ya buleki n'kuzimiratu. Ikhale ya ma amp atatu, monga 1N5408, kapena yoposa. Ndipo diode payokha siitsegula njira ya ku ethi, ndiye kababu kapena resistor ija iyenera kukhala mbali ya galimoto, diode isanafike. Mukaphatikiza zonsezi muona kuti ntchito yopulumutsa babu lotchipa yaposa mtengo wa babu labwino.

Pali chinthu chimodzi chokha chimene ndikukupemphani kuti musalole, ngakhale atakuuzani mokoma bwanji. Pali anyamata ena ochenjera amene amadula waya wa buleki wopita ku cruise n'kuulumikiza ku ethi mpaka kalekale. Cruise imalowa bwinobwino, usana ndi usiku, inu n'kulipira mukumwetulira. Koma kuyambira pamenepo yagontha khutu limodzi, ndipo pa magalimoto ena khutu lake ndi lomwelo. Ng'ombe ikadzalowa mumsewu cha ku Murewa, inu mukuponda buleki, injini ikukankhabe kuti ibwerere pa 100. Pa cruise yochita kuikidwa pambuyo, yosachokera kufakitale, njira yoyenera ndi relay, swichi yoyendetsedwa ndi magetsi, ya mapini asanu: 86 ku waya wa nyali za buleki, 85 ku ethi, 30 ku waya wa cruise, 87a ku ethi, 87 ku moto wa buleki. Ikatero cruise imaona ethi yeniyeni mwendo ukachoka, n'kuona mavolti 12 mukaponda. Aliyense akagwira mawaya amenewa, musanamulipire pitani naye pamsewu wopanda magalimoto, mulowetse cruise pa 60, mukhudze buleki pang'ono chabe. Iyenera kusiya pomwepo. Bwerezani kangapo, nyali zozima ndiponso zoyaka.

Nanga mababu akutsogolo aja? Amenewo salumikizana ndi waya wa buleki, koma ali ndi khalidwe lawo. Babu la LED lakutsogolo nthawi zambiri limakhala ndi kabokosi kosintha moto, kamene kamayatsa ndi kuzimitsa maulendo masauzande ambirimbiri pa sekondi, ena alinso ndi kafani kumbuyo. Kabokosi kosatchingidwa bwino kamamwaza phokoso la magetsi m'mawaya. Mboni yake ndi wailesi. Tsegulani siteshoni ya FM yomwe imamveka chapatali, muyatse nyali zakutsogolo. Mawu akamira m'mkokomo, phokosolo lilipo, ndipo limatha kusokoneza masensa a liwiro a m'matayala, omwe mawaya ake amadutsa kuseri kwa nyali komweko. Cruise ikataya liwiro ngakhale kamphindi, imasiya. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta: ngati cruise ikufa mukangoyatsa paki, vuto lili kumbuyo. Ngati paki ilibe vuto koma ikufa mukafika pa nyali zikuluzikulu, yang'anani kutsogolo. Chotsani kabokosiko pafupi ndi mawaya a ABS, kolekani ferrite, kamphete kochepetsa phokoso la magetsi, pa waya wake, limbitsani ethi, ndipo zikakanika bwezerani mababu akale a halogen. Pa magalimoto atsopano okhala ndi cruise yotsatira galimoto yakutsogolo pali vuto linanso losakhudza mawaya: radar yake, ya 76 mpaka 77 GHz, imakhala kuseri kwa chizindikiro cha pa grille kapena m'bampala, ndiye munthu akamangapo chinyali chachitali chija kapena chitsulo chogundira ng'ombe, waitseka maso. Zinyali zowonjezerazo apolisi amaimitsa nazo anthu, pogwiritsa malamulo a Statutory Instrument 129 ya 2015, ndiye ganizirani kawiri musanaike.

Mwina mubwezera mababu onse akale koma cruise n'kukanabe. Zikatero musadabwe, nthawi zina LED imangopezeka pamalo a ngozi. Posintha mababu munthu amakoka mawaya, amagwedeza soketi, amamasula ethi n'kuiwala kumanga. Ethi ya nyali zakumbuyo ikalefuka, ngakhale babu wamba limabweza moto, chifukwa umasowa kopita n'kudutsira kawaya kenako. Yezani pakati pa ethi ya soketi ndi bodi buleki itapondedwa, isapitirire mavolti 0.2 kapena chapomwepo. Kenako gonani chagada pansi pa chiwongolero ndi tochi. Pa chopondera buleki pamakhala kamphira kozungulira ngati batani la malaya, kamene kamakankha swichi. Pa magalimoto okalamba a Honda, Nissan ndi ena kamauma n'kuphwanyika, ndipo umboni wake ndi tizidutswa ta pulasitiki pa kapeti pansi pa mapazi. Ena ali ndi tiwiri, ka nyali ndi ka cruise, ndiye nyali zikhoza kumagwira bwino cruise itafa. Ngati mabatani a pa chiwongolero sakuyankha n'komwe, nyali ya CRUISE pa dashibodi osayaka, makamaka hutala nayonso ikamavuta, ndiye ndi clock spring, lamba wa mawaya wozungulira m'kati mwa chiwongolero. Imeneyo musatsegule nokha, muli airbag.

Poti mwatchula za kumudzi, ndikudziwa mmene timapitira ife a kuno: ngolo kumbuyo, matumba a shuga, mabulangete, njinga ya mwana wa achemwali. Soketi ya ngolo ya mapini asanu ndi awiri ija ndi malo enanso omwe paki ndi buleki zimakumana. Pini 6 ndi ya buleki, 5 ndi 7 ndi za paki, 3 ndi ethi. December ndi mvula, madzi ndi matope zikalowamo zimapanga kanjira pakati pa mapini, ndipo galimoto ya mababu a LED okhaokha kamoto kochepa kotereko kamaikwanira kuti isokonezeke. Tsegulani soketiyo, muipukute, muone ngati mulibe zobiriwira. Ngolo yobwereka muiyese ndi cruise sabata imodzi ulendo usanafike, osati m'mawa wonyamuka. Ndipo kunena zoona, cruise muidalire kuchokera kuno mpaka pa Nyamapanda, makilomita pafupifupi 240 aja, pomwe msewu uli bwino ndi pouma. Pamvula, pa maenje, ndi pa zitunda zokwera ku Zobue ngolo ili kumbuyo, mwendo wanu ndi umene uyenera kulamula. Bondolo muzilipumitsa poima pa Mutoko ndi pa Changara, kapena mutenge mphwanu wa laisensi muzisinthana.

Loweruka likubwerali yambani ndi kanyali ka pagalasi dzuwa litalowa, Lamlungu mubwezere mababu atatu akumbuyo motsatana monga ndafotokozera. Mukandilemberanso mundiuze zitatu: nambala yolembedwa pa babu lakale, ngati nyali ya CRUISE imayaka pa dashibodi mukadina ON, ndi mavolti amene mita yaonetsa pa waya wa buleki paki ili yoyaka. Mababu a LED mwachotsawo musataye, awiri akumbuyowo mubwere nawo ndidzawayeze pa benchi muli pompo.